Madontho Ambiri Ndi a Abwana

Pa esiteti ya tiyi pomwe ndinagwira unesi zaka zingapo, chinthu chilichonse chinali ndi giredi. Sindikunena anthu okha ayi. Mipando inali ndi giredi: wokhala ndi poika manja unali wa akuluakulu, wopanda poika manja unali wa ife apakati, ndipo ena onse ankapanikizana pa benchi. Nkhuni zinali ndi giredi. Zimbudzi zinali ndi giredi, ndipo chapamwamba kwambiri chinali ndi kiyi wake amene ankayenda m'thumba la munthu mmodzi. Ngakhale makapu omwera tiyi. Ine ndinakulira ku Makwasa m'banja losunga Sabata, tiyi sindimwa, koma kapu ya giredi yanga anandipatsabe, n'kundisainitsa. Ndinkasungiramo thonje.

Chinthu chatsopano chikafika pa esiteti chinkayambira kumtunda, kumaofesi, n'kumatsika pang'onopang'ono m'mene chikukalambira. Fani ikayamba kulira ngati chigayo inkatsikira kwa akalaliki. Ikasiya kutembenuza mutu inkafika kwa ife ku kiliniki. Lamuloli palibe analilemba paliponse, koma aliyense ankalidziwa kuposa malamulo khumi. Masiku oyamba zinkandiseketsa, ndinkakawafotokozera amayi anga kumudzi tonse n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Zinasiya kundiseketsa chaka chimene kunabwera mapulinta awiri.

Kiliniki yathu inali kumunsi, pafupi ndi nyumba za antchito. Malungo, shuga ndi mimba tinkayeza tokha. Magazi ofuna makina akuluakulu tinkawatumiza ku labu ina ya m'tauni imene kampani inagwirizana nayo. Kale tinkangolemba dzina la wodwala pa kapulasitala n'kumata pa kabotolo. Kenako a labuwo anasintha kagwiridwe ka ntchito. Anati kabotolo kalikonse kazibwera ndi kasitika kosindikizidwa ndi kompyuta, kokhala ndi bakhodi, timizere takuda tija mumationa pa paketi ya sopo m'sitolo, ndi timanambala kunsi kwake. Makina awo akawerenga timizereto ankadziwa okha kuti magazi ndi a ndani. Akalephera kuwerenga, ndipo manambala akakhala okayikitsa, magaziwo ankatayidwa. Pamenepo sindiwaimba mlandu. Kupatsa munthu zotsatira za mnzake n'koopsa kuposa kumubweza chimanjamanja.

Choncho kampani inagula mapulinta awiri a masitika. Ina inali ya kiliniki, ina ya ku ofesi ya abwana oyang'anira antchito, amene ankafuna kumata masitika pa mafayilo ndi pa katundu wa kampani. Anawabweretsa mmisiri wina wa ku Limbe, bambo wodekha wa imvi zake. Tinakumana ku sitolo ya kampani, ine, abwanawo ndi asitolo. Mapulintawo anali ofanana ngati mapasa, otuwa, kukula kwake ngati buledi wamkulu. Kusiyana kwake kunali nambala ya pa katoni basi: ina 203, ina 300.

Mmisiri anafotokoza bwino lomwe, sindingamunamizire. Anati pulinta siijambula mzere ngati bolopeni, imayala timadontho ting'onoting'ono moyandikana. Ina imayala timadontho 203 pa inchi imodzi, inayo 300, ndiye timadontho ta yachiwiriyi n'tating'ono kwambiri.

"Pa sitika yaikulu, ngati ya pa fayilo kapena pa thumba la tiyi, ya 203 ndi yokwanira zedi, ndipo imathamanga," anatero. "Koma kasitika ka pa kabotolo ka magazi n'kakang'ono ngati nsonga ya chala. Kamzere kopyapyala kamafuna mwina kadontho kamodzi ndi theka. Pulinta singadule kadontho pakati. Ndiye apa iika kamodzi, apo iika tiwiri, mzere wina wanenepa, wina waonda, makina a ku labu asokonezeka. Ya 300 ipite kwa asisitawa."

Abwana anamvetsera akugwedeza mutu. Anali munthu waulemu, wovala bwino, wosakalipa. Mmisiri atamaliza, iwo anafunsa.

"Ndiye yapamwamba ndi iti pamenepa?"

"Bwana, palibe yapamwamba. Zikutengera saizi ya sitika."

"Ndamva. Koma 300 ndi 203, nambala yaikulu ndi iti?"

"Yaikulu ndi 300, bwana, koma..."

"Zikomo kwambiri."

Mmisiri anakonza makompyuta a mbali zonse ziwiri, anatiphunzitsa kuika mpukutu wa masitika, n'kukwera galimoto yake kubwerera ku Limbe. Makatoni anatsala ku sitolo poti ankayenera kudindidwa kaye chidindo cha kampani. M'mawa mwake katoni inafika ku kiliniki pa wilibala. Ndinayang'ana pambali pake: 203. Ndinathamangira kwa asitolo ndikuganiza kuti asokoneza. Sanasokoneze. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake dzuwa limatulukira kum'mawa.

"Asisita, mwabwera liti pa esiteti pano? Ya madontho ambiri itsike kumunsi, abwana atsale ndi ya madontho ochepa? Iyayi, anthu atiseka."

Ndinayesa kuigwiritsa ntchito momwemo. Ukaonera patali kasitika kankaoneka kabwinobwino. Ukakayandikitsa pa zenera ndi pomwe unkaona nyansi zake: timizere tina tokhudzana, tina todukaduka m'mbali ngati ndevu zometa ndi lezala lobuntha. M'manambala, 3 ndi 8 anali pachibale, 6 nayenso akufuna kulowa m'banjamo. Ndinaimbira mmisiri uja. Anausa moyo pa foni, n'kundiuza zoti ndiyese. Ndinachepetsa liwiro la pulinta. Ndinapukuta mutu wake wosindikizira ndi sipiriti. Ndinawonjezera kuda, timizere tinafufuma n'kugwirana. Ndinachepetsa kuda, tinafwifwa. Ndinakulitsa bakhodi, inasefukira kunja kwa kasitika. Ndinaika sitika yaikulu, inazungulira kabotolo konse n'kuphimba magazi, a labu anati sakuona kuti muli ochuluka bwanji. Ndinalemba manambala ndi bolopeni pambali, anandiyankha kuti sitika yowonjezeredwa ndi dzanja salandira. Pomaliza mmisiri anatopa nane.

"Asisita, madontho sawonjezeka ndi pemphero. Katengeni pulinta yanu."

Masitika ena ankadutsa, ena ayi, kutengera kuti manambala a munthu agwa bwanji. Bokosi lozizira likapita m'tauni, pa kompyuta pankabwera mayankho, ndipo pakati pa zotsatira zabwinobwino pankakhala mawu amene ndinafika powaloweza ngati vesi la ku Sukulu ya Sabata: nambala siyikuwerengeka, tengani magazi ena.

Mmodzi mwa anthu amene nambala yawo inkakana anali mayi wina wothyola tiyi, wa kwa Khwethemule. Anali aakulu kwa ine, aafupi, osalankhulalankhula, mmodzi wa amayi aja amene manja awo amathyola okha tiyi iwo akuganiza zina. Anali atathyola pa esitetiyo kuyambira ali mtsikana. Anabwera mapazi atatupa, akuti m'mawa nkhope imadzuka yolemera, ndipo akakwera mtunda ndi dengu kumsana mpweya umawathera. Ananena zimenezi ngati akupepesa kuti atitayitsa nthawi. Adokotala athu a pa kiliniki anakayikira impso. Mkodzo tinayeza tokha, unasonyeza kuti zinthu sizili bwino. Koma pa esiteti panali lamulo lina, ili lolembedwa ndithu: wantchito sangapatsidwe ntchito yopepuka, ndipo galimoto ya kampani singamutengere kwa madokotala akuluakulu m'tauni, popanda zotsatira za magazi zochokera ku labu ija. Popanda zotsatirazo mayiwo ankayenera kubwerera kumunda, kukaima tsiku lonse m'mizere ya tiyi pa mapazi otupawo.

Inali nyengo yozizira, chiperoni chili pakhomo, ndipo mitsempha yawo inali yovuta. Mkono wotupa umabisa mtsempha, umafufuza ndi chala ngati ukusaka mtedza wotsalira m'dothi. Ndinabaya, ndinaphonya, ndinabaya pena. Iwo osadandaula, ankangoyang'ana kudenga. Magazi atatuluka ndinamata kasitika, n'kuwauza kuti abwere sabata yamawa.

Anabwera. Ndinawauza kuti magazi aja atayidwa chifukwa kasitika sikanawerengeke.

"Atayidwa?" anafunsa. "Magazi angawo?"

"Eya, amayi. Vuto ndi makina athu osindikizira, si inu ayi."

Kenako anapinda okha mkono wa juzi, n'kunditambasulira dzanja linalo. Ulendo umenewonso yankho linabwera lomwe lija.

Ndiye ndinakwera phiri. Kuchokera ku kiliniki kupita kumaofesi umadutsa nyumba za antchito zofanana ngati mabokosi a machesi, kenako za akapitawo zokhala ndi khonde, kenako za akalaliki zokhala ndi mpanda wa maluwa. Umakwera magiredi onse ndi miyendo yako. Ndinafika thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira.

Ofesi ya abwana ndinali ndisanailowe chibwerereni mapulinta. Nditatsegula chitseko ndinaima kaye. Chilichonse m'chipindamo chinali ndi sitika. Kabati inali ndi sitika yolembedwa kuti kabati, mwina kuopa kuti wina angaiyese mbuzi. Ketulo inali ndi yake. Wotchi ya pakhoma, mpando wawo wa poika manja, ngakhale chitini chotayamo zinyalala. Masitika aakulu ngati chikhatho, zilembo zoti ungaziwerenge ukudutsa pa njinga. Pulinta yeniyeniyo inali pa katebulo kake, itafunditsidwa kansalu koluka, ndipo nayonso inali ndi sitika pamphumi yonena kuti ndi ya ofesi ya oyang'anira antchito. Inadzisindikizira yokha.

Anandilandira bwino. Anakumbukira kuti tiyi sindimwa, anaitanitsa madzi. Ndinafotokoza zonse, n'kuyala timasitika tanga pa tebulo. Anatitenga, anavala magalasi, n'kuvomereza.

"Zoonadi, sitikuoneka bwino. Anga amatuluka bwino kwambiri, taonani." Analoza chitini cha zinyalala.

"Bwana, anuwa angatuluke chimodzimodzi pa ya 203. Simungaone kusiyana kwake. Tingosinthana, ndi mawaya awiri okha."

"Ndikudziwa, asisita. Mmisiri uja ananena ndili pomwepo, ine sindikutsutsa sayansi." Anapinda manja. "Koma pali dongosolo. Mawa akabwera akuluakulu a ku likulu, n'kupeza kuti kiliniki ili ndi makina oposa a ofesi ya siniya sitafu, ndiyankha chani? Lero ndi pulinta, mawa akalaliki afuna mpando wangawu. Kampani imayenda ndi dongosolo."

"Pali mayi amene ndawabaya kale mikono yonse. Impso zawo zikuwonongeka ali kumunda."

"Pepani kwambiri, zomvetsa chisoni zedi. Lembani pempho, lidzere kwa adokotala, komiti ikakumana tidzaliona. Nkhaniyi ndaimva ndi mtima wonse."

Ndinapempha kuti azindibwereka tsiku lotumiza magazi lokha. Anati katundu wodindidwa ku ofesi ina satuluka popanda chilolezo cha komiti yomweyo. Ndinapempha kuti ndizidzasindikizira konko. Sizikanatheka, manambala a odwala ankatuluka pa kompyuta ya kiliniki yokha, ndipo nayonso inali yodindidwa kuti isasunthe. Madzi aja sindinamwe.

Chimene chinandinyansa kwambiri si kukanako ayi. Akanakhala mbuli ndikanawamvetsa, mbuli umaiphunzitsa. Koma iwo ankadziwa zonse, phunziro la madontho analimva kuposa ine, akanatha kukaliphunzitsa ena. Ndipo sanali okha. Adokotala athu anasaina pempho langa monyinyirika, poti ankadikira nyumba ya giredi yotsatira ndipo sankafuna kutchuka ndi mavuto. Akalaliki amene ndinawadandaulira potuluka anandimvera chisoni ndithu, kenako mmodzi anati, "Komabe asisita, zoona ya 300 ikakhale kumunsi, eti?" Anthu a magiredi apansi omwewo ndi amene ankalondera lamulo lowakhazika pansi. Ndinatsika phirilo ndikulavula m'tiyi wa kampani.

Ulendo wotsatira mayi aja sanabwere okha. Anabwera ndi amuna awo, bambo wamtali amene ankagwira ntchito yodula mitengo ya bulugamu ya nkhuni za ku fakitale. Sanakhale pa benchi. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, mwaulemu ndithu, koma nsagwada zitauma.

"Asisita, ife sukulu sitinapite nayo patali, koma tifunse nawo. Magazi a akazi angawa akumapita kuti?"

Kwathu kuno funso limenelo si lamasewera. Mphekesera za anthu opopa magazi zimangogona, sizifa. Zimadikira chinthu chosamveka kuti zidzuke, ndipo palibe chosamveka kuposa kuuza munthu kuti magazi ako anakwera galimoto kupita m'tauni n'kukatayidwa chifukwa cha kapepala. Ndinatulutsa timasitika, ndinawaitanira pa zenera, ndinawaonetsa timizere tokhudzana. Ndinafotokoza za madontho monga anafotokozera mmisiri. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza, bodza lake losakonza n'komwe.

"Ndiye makina abwinowo kulibe?" anafunsa bamboyo.

"Alipo."

"Ali kuti?"

"Kumtunda, ku ofesi."

"Akudwala ndani ku ofesiko?"

Anatembenukira kwa akazi awo, n'kulankhulana m'Chilomwe motsitsa mawu. Chilomwe ndimachimva pang'ono. Bamboyo ankati tiyeni tizipita, izi zakwana. Mayiwo anati ayi, asisitawa sakunama, maso awo akuoneka, tiyese kotsiriza.

Mikono yonse iwiri inali ndi zipsera zakuda za singano zanga. Mtsempha ndinakaupeza kuseri kwa dzanja, pomwe pamapweteka kwambiri. Pamenepo anatseka maso. Ndinasindikiza timasitika tambirimbiri ta nambala yawo, ndinatiyala pa zenera n'kumasankha ngati ndikusankha nyemba, ngakhale ndinkadziwa kuti tonse n'timodzi, poti pulinta imalakwa mofanana nthawi zonse. Ndinamata kamene ndinakaona ngati kabwinoko. Ndinapempheranso, ine amene ndinauzidwa kale kuti madontho sawonjezeka ndi pemphero.

Nambala siyikuwerengeka, tengani magazi ena.

Ndinatuma uthenga kudzera kwa akapitawo awo. Sanabwere. Ndinawatsatira ndekha kumunda nthawi ya sikelo, pomwe othyola amandanda ndi madengu awo pansi pa mtengo kudikira kuti masamba ayezedwe. Amayi ena atandiona anasiya kucheza. Mayi aja anali kumapeto kwa mzere, dengu lawo losadzaza, nsapato za pulasitiki atazing'amba pamwamba kuti mapazi alowe. Ndinawakokera pambali n'kuwauza kuti asadikire kampani, apite okha ku chipatala chachikulu. Anati amva. Koma ndinaona m'maso mwawo kuti sapita, chifukwa kumeneko nako akanayamba ndi singano. Ndikuchoka ndinamva wina kumbuyo akunena mosabisa kuti, "Abwera kudzatenga ena."

Ku kiliniki anthu anayamba kuchepa. Amayi oyembekezera ankabwera ku sikelo yawo, koma ndikatulutsa kabotolo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya mphika pamoto. Ana amene kale ankandithamangira panjira anayamba kundipatuka. Mayi aja ndinkawaona patali nthawi zina, m'mizere ya tiyi kumtunda kwa damu, atatsalira kumbuyo kwa anzawo. Kenako sindinawaonenso. Akapitawo anati abwerera kumudzi kwawo.

Komiti inakumana kapena sinakumane, sindikudziwa. Chimene chinatithandiza ndi nsanje. Abwana anapita ku msonkhano pa esiteti ina, n'kupeza mnzawo wa giredi yofanana ali ndi pulinta ya madontho 600. Anabwerako mtima uli m'malere. Mmisiri wa ku Limbe anandiimbira yekha, akuseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati wawauza kuti ya 600 ndi ya timasitika tating'onoting'ono ta pa zipangizo za m'kati mwa mafoni, kuti imachedwa, ndipo mutu wake ukapsa kuupeza n'kovuta. Abwana anafunsa funso lawo lija, mmisiri anayankha kuti nambala yaikulu ndi 600, nkhani inathera pomwepo.

Pasanapite nthawi katoni yatsopano inakwera phiri, ndipo mwa dongosolo lake lija, ya 300 inatsika. Inafika pa wilibala yomwe ija, sitika ya ofesi yawo ikadali pamphumi. Asitolo anaiperekeza okha, nkhope ili mwee.

"Mwaona, asisita? Kudekha basi. Pa esiteti pano zinthu zimafika."

Anatenga wilibala yawo n'kuchoka. Ya 203 inatsikira ku fakitale, komwe inayamba kusindikiza masitika aakulu a pa matumba a tiyi mosavuta konse, ntchito yake yeniyeni. Ya 600 ndinamva kuti abwana amaidikira ataima kuti isindikize liwu limodzi loti kabati.

Ndinalumikiza mawaya awiri aja. Madzi a m'ketulo sakanawira n'komwe ndisanamalize. Kasitika koyamba ndinasindikiza ka mayi aja, poti anali asanachotsedwe ntchito ngakhale kumunda anali atasiya kubwera, ndiye mwayi wa galimoto ya kampani unalipobe. Kanatuluka koyera kuti mbee, timizere towongoka, 3 ali payekha, 8 ali payekha. Ndinakamata pa kabotolo katsopano. Ndinkayembekeza kuti ndikondwa, koma ndinangokwiya, chifukwa ntchito yonseyo inali yaing'ono chonchi.

Lamlungu ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita kwa Khwethemule, nditanyamula kabotolo, singano ndi bokosi lozizira. Kunali kutayamba kutentha, fumbi lofiira lili m'mano. Tiyi atatha tinalowa m'minda ya nandolo ndi chinangwa, ndikufunsira njira pa zitsime. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pa mkeka chotsamira khoma, miyendo itatambasulidwa. Inali yotupa mpaka m'maondo, khungu likunyezimira. Anandizindikira, anamwetulira, n'kuuza amuna awo kuti andipatse mpando. Pakhomopo mpando unali umodzi wokha, ndipo anapatsa ine, iwo onse ali pansi.

Tinapatsana moni wautali, wa ana, wa kuntchito, wa kutentha. Kenako ndinatulutsa kabotolo.

"Amayi, makina abwino aja abwera. Taonani. Ulendo uno sakataya, ndikukulonjezani. Zotsatira zikangofika, galimoto ikutengani kupita kwa madokotala a impso."

Anakatenga, anakatembenuza pa dzuwa, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Kakongola," anatero. "Timizere take tili bwino ndithu."

Anandibwezera ndi manja awiri. Kenako anakoka chitenje chimene anafunda, n'kuphimba mikono yonse mpaka zala.

"Asisita, inu ndinu munthu wabwino, sindikukuganizirani zoipa ayi. Koma magazi anga ndinapereka kale. Otsalawa ndi ochepa, ndisiyireni ndizigona nawo."

Ndinachonderera. Ndinachoka pa mpando n'kugwada pa mkekapo. Ndinalankhula za impso, za ana awo, za Mulungu, za chilichonse chimene chinabwera m'kamwa. Ankangoti, "Ndamva, asisita," mikono ili m'chitenje. Amuna awo anandiperekeza ku msewu. Kumeneko anandipatsa nandolo m'jumbo, n'kufunsa.

"Ndiye abwana aja makinawo awasiya bwanji?"

"Apeza ena a nambala yaikulu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. M'nkhani yonseyi, ichi chokha ndi chimene anachimvetsa popanda kufunsanso.

Za maliro a mayi aja ndinamva kwa akapitawo, mvula yoyamba itagwa, nthawi imene tiyi amaphuka mwamphamvu ndipo aliyense amafunika kumunda. Othyola ochepa okha ndi amene analoledwa kupita. Abwana anatumiza mawu achipepeso olembedwa bwino, pamodzi ndi bokosi la maliro la giredi ya othyola tiyi.

Kabotolo kaja kanakhala m'kabati mwanga, pafupi ndi kapu ya thonje. Tsiku lina ndikulongedza bokosi lozizira lopita m'tauni, ndinakatenga n'kukaika pakati pa tinzake, kopanda kanthu momwemo. Ndinkafuna kuona ndi maso anga. Mayankho atabwera onse anali bwino, monga ankakhalira chitsikireni ya 300, palibe kasitika ngakhale kamodzi kamene kanakanidwa. Pa nambala ya mayi aja analemba kuti: nambala yawerengeka bwinobwino, m'kabotolo mulibe magazi, itanani wodwala abwerenso.